KUGUMULA CHIPUPA M'NYUMBA YAING'ONO: ZA MAFULATI A KU GABORONE

Nkhani yathu ya lero iri ya nyumba, koma si ya kumanga ai, iri ya kugumula. M'matauni mwabuka mwambo wina. Munthu wokhala m'fulati, ndiko kuti m'nyumba imodzi mwa nyumba zambiri zosanjikizana pansi pa denga limodzi, ayang'ana chipupa cha pakati pa balaza ndi khichini, nanena mumtima mwache kuti, "Ichi chitachoka, bwenzi nyumba yanga iri yotakasuka." Makhalidwe otere Azungu awatcha open plan, kutanthauza kuti kophikira, kodyera ndi kochezera zikhala m'chipinda chimodzi chachikulu, popanda zitseko pakati. Maganizo amenewa si oipa konse. Komatu chipupa chiri ndi nchito zache zimene sizioneka ndi maso, ndipo wochigumula asanazidziwe angathe kutaya ndalama, kudana ndi anansi, ngakhale kuphetsa anthu.

Chitsanzo chathu tichitenga ku Gaborone, likulu la dziko la Botswana. Akuluakulu ena amene anapita ku Joni kalekale adzakumbukira kasiteshoni kochedwa Gaberones, pa njanji ya pakati pa Bulawayo ndi Mafeking imene inamalizidwa m'chaka cha 1897. Masiku amenewo panalibe mzinda pamenepo. Panali siteshoni, kamsasa ka Boma, ndi mudzi wa Batlokwa patsidya pa mtsinje wa Notwane, ndipo dzina la malowo linachokera kwa mfumu yao, Kgosi Gaborone. Dziko la Bechuanaland linali kulamulidwa kuchokera ku Mafeking, kunja kwa malire ache. Mzinda unayamba kumangidwa m'chaka cha 1964, maofesi a Boma anasamukirako m'chaka cha 1965, ndipo dziko linalandira ufulu pa 30 September 1966. Amene analemba pulani ya mzindawo anaganizira za anthu 20,000. Kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza anthu oposa 246,000 m'kati mwa mzinda wokha, osawerengera a ku Mogoditshane ndi ku Tlokweng amene alawirira m'mawa kudzagwira nchito m'tauni.

Pamene anthu achuluka chotere, malo ayamba kudula, ndipo nyumba zichepa. Lamulo la m'chaka cha 1970 linakhazikitsa bungwe la Botswana Housing Corporation, limene nchito yache ifanana ndi ya Malawi Housing Corporation kapena National Housing Authority ya ku Zambia, ndipo bungweli lamanga nyumba ndi mafulati ambiri m'mzindamo. M'chaka cha 1999 kunabwera lamulo lina, la Sectional Titles Act, lolola munthu kugula fulati imodzi m'nyumba yosanja, nikhala yache pa dzina lache. Nkhani ya kugumula zipupa iyambira pamenepa, pakuti wolipira lendi saganiza za nyundo, koma amene wagula amva kuti tsopano ali pache. M'mafulati a ku Gaborone muli kukhalanso abale athu ambiri, aphunzitsi, anamwino, amisiri ndi ogwira nchito ku likulu la SADC, ndipo zimene tinena za iwo zikhudzanso wokhala ku Kabwata mu Lusaka, ku Avenues mu Harare, kapena m'mafulati a ku Blantyre ndi Lilongwe.

Poyamba tiyeni tifunse chifukwa chache mtima wa munthu ufuna malo otakasuka. Ena ayesa kuti ndi kutsanzira zithunzi za ku Ulaya chabe. Ine sinditero. Pitani ku Mochudi kapena ku Molepolole, midzi ikuluikulu ya kufupi ndi Gaborone, mukaone pakhomo pa Mtswana. Kutsogolo kwa nyumba kuli kabwalo kozira bwino, kozingidwa ndi kampanda kadothi kakafupi, ndipo kabwaloko akatcha lolwapa. Amai ndiwo aumba kampandako, nazira pansi ndi ndowe za ng'ombe, nalembapo mizere yokongola ndi zala. Moyo wonse wa banja uli pa lolwapa: mlendo alandiridwa pamenepo, ana adyera pamenepo, nkhani za madzulo zikambidwa pamenepo, ndipo m'nyumba alowamo pofuna kugona kapena kusunga katundu. Kwathu kuno ndi chimodzimodzi. Amai ali kuphika pamoto, abambo ali kusema mpini pakhonde, agogo ali kutong'ola chimanga pamphasa, ndipo onse amvana mau popanda wina kunyamuka. Tsono munthu woleredwa chotere, mukamuika m'fulati ya pansanjika yachitatu, mwamlanda bwalo. Pofuna kugumula chipupa, iye ali kufuna kulowetsa bwalo lija m'nyumba.

Nanga khichini yotsekeka inachokera kuti? Inachokera mbali ziwiri. M'nyumba za Azungu za nthawi ya atsamunda khichini inali kumbuyo, pakuti wophikamo anali wanchito, ndipo eni nyumba sanafune kumuona kapena kumva fungo la mphika. Mbali yina inachokera ku Germany. M'chaka cha 1926 mai wina wolemba mapulani a nyumba, Margarete Schütte-Lihotzky, anakonzera mafulati a anthu anchito a mu mzinda wa Frankfurt khichini yaing'ono, ya mamita 1.9 m'lifupi ndi 3.4 m'litali, yoti munthu mmodzi afikire chiwiya chiri chonse popanda kuyenda mtunda. Makhichini otere anamangidwa pafupifupi 10,000, ndipo maganizo ache anafalikira m'maiko ambiri. Nzeru zinalipo, koma taonani chotsatira chache m'banja la lero lopanda wanchito: amai aweruka ku ofesi, nalowa m'kachipinda kotentha okhaokha, pamene ena onse ali kuseka pabalaza. Mwana wokwawa samuona, ndipo mlendo amene wadza kudzacheza nao akhala ndi wailesi.

Amene anayambitsa nyumba zotakasuka anali ndi chinsinsi chimene otsanzira ambiri sachidziwa. M'chaka cha 1914 Le Corbusier anajambula chithunzi cha nyumba chimene anachitcha Dom-Ino. Pachithunzipo panalibe chipupa ngakhale chimodzi. Panali masilabu a konkire, mizati isanu ndi umodzi yowanyamula, ndi makwerero. Tanthauzo lache linali lakuti, mizati ikasenza katundu yense, zipupa mungathe kuziika kapena kuzichotsa monga mufuna. Komatu mafulati ambiri ansanjika ziwiri kapena zitatu a m'maiko athu ano sanamangidwe chotero. Anamangidwa ndi njerwa, ndipo silabu ya pamwamba itsamira pa zipupa zomwezo zimene inu muziyesa zogawa zipinda chabe.

Nchito yoyamba ya chipupa, tsono, ndiyo kusenza. Amisiri asiyanitsa chipupa cha njerwa yathunthu, chimene kuchindikala kwache ndi masentimita 22 kapena 23, ndi cha theka la njerwa, cha masentimita 11, kuonjezapo pulasitala mbali zonse ziwiri. Kawirikawiri chochindikala ndicho chonyamula, ndipo chopyapyala ndicho chogawa. Ndanena kuti kawirikawiri, sindinanene kuti nthawi zonse. Chipupa chopyapyala cha pansanjika yomaliza chingathe kukhala chiri kunyamula mitengo ya denga, kapena thanki ya madzi otentha ya malita 150. Chingathenso kukhala chiri kugwiriziza chipupa chachitali cha kunja kuti chisapendekeke. Ndiponso ngati mnansi wanu wa pamwamba ali ndi chipupa chache pamalo omwewo, kulemera kwache mwina kutsikira pa chanu. Tiyeni tiwerengere monga tichitira m'kalasi. Chipupa cha theka la njerwa, chopakidwa pulasitala, chilemera makilogalamu oposa 250 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Chikakhala cha mamita 3 m'litali ndi 2.5 msinkhu, kulemera kwache kufika pafupifupi matani awiri, ndiko kunena matumba 40 a simenti. Ameneyo ndi katundu wa chipupa chimodzi chokha, tisanawerengere silabu, makama, makabati ndi anthu.

Anthu ena agogoda chipupa ndi chala, namvera kulira kwache, nati chiri chopanda kanthu. Kugogoda kungakuuzeni ngati chipupa chiri cha matabwa kapena cha njerwa, koma sikungakuuzeni chimene njerwazo ziri kusenza. Chokuuzani ndicho pulani imene nyumbayo inamangidwira, ndi injiniya wodziwa kuiwerenga, amene adzaona kumene zitsulo za m'silabu zinaloza. Akapeza kuti chipupa chiri chonyamula, sindiko kuti nkhani yatha. Angathe kulamula kuti silabu ichirikizidwe ndi mizati yachitsulo yongoyembekezera, kenaka aikepo mtanda wachitsulo kapena wakonkire, wotsamira pa nsanamira zolimba mbali zonse ziwiri. Koma katundu amene poyamba anali womwazika pa mamita atatu tsopano aunjikana pa nsonga ziwiri, ndipo pansi pa nsongazo pali denga la munthu wina. Chifukwa chache nchito imene iri yapafupi m'nyumba yapansi ikhala yobvuta ndi yodula m'fulati.

Kuti muone chimene chichitika chipupa chonyamula chikachoka, imvani za Ronan Point, nyumba yansanjika 22 ya kum'mawa kwa London. M'mawa wa pa 16 May 1968 gasi anaphulika m'khichini ya pansanjika ya 18. Kuphulikako kunakankhira kunja chipupa chonyamula cha fulatiyo. Zipinda za pamwamba zinasowa potsamira nizigwa, ndipo kulemera kwache kunaphwanya za pansi, imodzi pambuyo pa inzache, kufikira ngondya yonse ya nyumbayo inatsikira pansi. Anthu anai anafa. Pamenepo panalibe wogumula dala, koma nyumba sizindikira ngati chipupa chachotsedwa ndi gasi kapena ndi nyundo. Nyumba zathu za njerwa sizigwa msanga chotero. Ziyamba ndi mng'alu wopyapyala pa pulasitala wa mnansi wa pamwamba, chitseko chache chiyamba kukanirira, matailosi ayamba kutukuka. Zikafika pamenepo mlandu wayamba kale.

Za malamulo tinena mwachidule. Wogula fulati agula za m'kati mwache, pamodzi ndi gawo la zinthu za onse, monga maziko, denga, makwerero ndi bwalo. Zinthu za onsezo ziyang'aniridwa ndi bungwe la eni mafulati a m'nyumbayo, ndipo nchito yokhudza kulimba kwa nyumba ifuna chilolezo chao cholembedwa. Ifunanso chilolezo cha khonsolo ya mzinda, imene ku Gaborone ndi Gaborone City Council. Wina ayesa kuti mapepala amenewa angochedwetsa nchito. Tsiku logulitsa fulatiyo, kapena lopempha ngongole ku banki, kapena lofuna chipukuta misozi kwa a inshuwalansi, adzaona kuti nyumba yosiyana ndi pulani yache ibweza wogula pakhomo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nchito yachiwiri ya chipupa ndiyo kubisa. M'kati mwache muyenda mawaya a magetsi, ndipo pa chipupa cha khichini payenda mapaipi a madzi. Mawaya si obvuta kusuntha, malinga wosunthayo akhale mmisiri wa magetsi wa chiphaso, osati mlamu wanu amene anaonererapo kamodzi. Chobvuta ndi madzi otaika. Paipi yochokera ku sinki iyenera kutsetsereka, pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iri yonse, kuti madzi a mafuta ndi nyenyeswa asaime. M'nyumba yapansi mungakumbe ngalande. M'fulati simungaseme silabu, pakuti zitsulo zache ndizo moyo wa nyumba. Tsono sinki yokongola ya pakati pa chipinda, imene muiona m'zithunzi, isiyeni m'zithunzi momwemo. Sinki ikhale pamene inali, kapena kufupi ndi paipi yaikulu yotsika. Madzi akadontha safunsa mwini. Atsikira kwa wa pansi.

Nchito yachitatu ndiyo yokulitsa kwa ife, ngakhale mabuku a ku Ulaya sainena. Chipupa chisunga ulemu. Taganizani za fulati imene chipupa cha kolido chachotsedwa kuti balaza likule. Chitseko cha chimbudzi, chimene kale chinali chobisika, tsopano chayang'anana ndi tebulo lodyera. Apongozi abwera kuchokera ku Chipata kapena ku Dedza kudzaona chidzukulu, nakhala masabata atatu. Kodi mkamwini adzatuluka bwanji m'bafa ndi thaulo m'chiuno, apongozi ali pampando? Kodi mtengwa adzalawa bwanji ndiwo, kapena kugawa nyama yochepa mwanzeru zache, maso a alendo ali pa chipande? Pamudzi panali gowelo la anyamata ndi kuka kwa agogo. M'fulati yazipinda ziwiri mnyamata wa zaka 15, kapena mphwanu amene wadza kudzafuna nchito, agona pabalaza. Mukaphatikiza balaza ndi khichini, amai amene adzuka mbandakucha kukateleka madzi adzamlumpha miyendo. Izi si zazing'ono. Mabanja ena asemphana mau kaamba ka zinthu zochepa kuposa izi.

Onjezanipo fungo ndi phokoso. Pabwalo utsi unali kupita ndi mphepo, koma m'fulati ukhazikika m'makatani ndi m'mipando. Usipa wokazinga, kapenta, matumbo a ng'ombe, kapena phane, mphalabungu zija za m'mitsanya zimene Atswana azikonda, zonsezi zikoma pakamwa, koma sofa izikumbukira kufikira mawa lache. Nyama ya seswaa ibwata maora ambiri isanasinjidwe, nyemba nazonso chimodzimodzi, ndipo nthunzi yonseyo ifuna potulukira. Wochotsa chipupa ayenera kuika makina okoka utsi pamwamba pa chitofu, amene paipi yache itulukira kunja. Aja ongozunguza mpweya m'chipinda momwemo agwira mafuta pang'ono, koma nthunzi aisiya. Za phokoso anthu anaziphunzira m'chaka cha 2020. Boma la Botswana litalamula kuti kuyambira pa 2 April anthu akhale m'nyumba chifukwa cha mliri wa COVID-19, bambo, mai ndi ana anayamba kugwira nchito ndi kuphunzira pamalo amodzi, ndipo m'maiko ambiri amene anachotsa zitseko anazilakalaka. Walira mvula walira matope.

Kulinso za moto. Mabanja ambiri a ku Gaborone aphikira gasi wa m'mabotolo. Gasi ameneyu alemera kuposa mpweya, kotero kuti akatuluka mobisika atsikira pansi, nayenda monga madzi. M'chipinda chotseguka afika msanga pamene pagona mwana, kapena pa chotenthetsera cha magetsi. Ndiponso chitofu chisakhale pafupi ndi khomo lotulukira kunja. Fulati zambiri ziri ndi khomo limodzi lokha, ndipo mafuta akayaka mumphika usiku, njira ya onse ochokera kuchipinda idzera pomwepo. Zitseko za zipinda zogona zisachotsedwe konse, popeza chitseko chotseka chichedwetsa utsi. Mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera, nyengo yozizira, yapha anthu ambiri m'maiko athu onse. Mpweya wache woipa ulibe fungo, ndipo kukula kwa chipinda sikuuletsa.

Mwina wina anena kuti, "Bambo inu, mwangotiopseza; tsono tikhale opanikizika?" Iai. Pali mbali imene nyumba yotseguka ipambana kwambiri, ndipo ku Gaborone ioneka bwino chifukwa cha kayendedwe ka dzuwa. Mzindawu uli kumwera kwa mzere wa Capricorn, umene udutsa pa mseu wa ku Francistown musanafike ku Mahalapye. Ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Harare dzuwa la masana likhala chakumpoto miyezi yambiri, koma m'December lipendekera kumwera. Ku Gaborone dzuwa la masana silipita kumwera chaka chonse. M'December liri pafupifupi pamutu, kotero kuti silowa pa zenera la kumpoto. M'June litsika kufikira madigiri 42, ndipo ngati palibe khonde lotchinga, kuwala kwache kulowa m'chipinda mamita oposa awiri. Kumeneko nyengo yozizira iri yoopsa, usiku wina chisanu chiyera pa udzu, ndipo nyengo yotentha ipitirira madigiri 30 masiku ambiri. Tsono ngati balaza liri kumpoto ndi khichini kumwera, kutsegula pakati kupatsa khichini kuwala ndi kufunda m'June, ndipo m'January mphepo ilowa zenera la mbali iyi nitulukira la mbali inayo. Koma ngati khichini iyang'ana kumadzulo, mwaitana dzuwa la madzulo, loposa lonse kutentha, kuti lidzakhale nanu pabalaza pa ora lomwelo limene chitofu chiri kuyaka. Kumbukiraninso kuti chipinda chachikulu chidya magetsi ambiri pochitenthetsa.

Njira yanzeru iyamba ndi tepi, pepala ndi choko, nyundo ikhale pambuyo. Tiyerekeze fulati imene balaza lache ndi mamita 4 kwa 3.5, khichini 3 kwa 2.5, ndi kolido 3 kwa 1. Jambulani zipindazi pa pepala la mizere ya masamu, bokosi limodzi liimire masentimita 20. Dulani timapepala toimira sofa, tebulo, firiji ndi kabati, pa muyeso womwewo, ndipo muzitisuntha. Mudzadabwa kuona kuti chipupa chimene mufuna kugumula chitenga malo osakwana theka la mita imodzi ya mbali zonse, pamene mipando itatu ikuluikulu yogulidwa pa ngongole, ndi kabati ya galasi yoonetsera mbale za ukwati, zadya pafupifupi theka la balaza. Chitseko chiri chonse chifunanso malo ache ozungulira, masentimita 80 uku ndi uku, pamene simungaikepo kanthu. Kawirikawiri wopanikiza nyumba si chipupa, koma katundu. Ndiponso dziwani kuti chipupa chikachoka mutaya nkhope zache ziwiri: ya kukhichini imene inali kunyamula makabati, ndi ya pabalaza imene sofa inali kutsamira. Zinthu zimenezo zidzafuna kwina kokhala.

Lembaninso pa pepalapo njira zimene anthu ayenda: kuchokera pakhomo kupita kuchipinda, kuchokera kuchipinda kupita kubafa, kuchokera pachitofu kupita patebulo. Njira iri yonse ikhale ya masentimita 90, ndipo kutsogolo kwa chitofu pakhale mita imodzi kapena kuposapo, kuti wonyamula mphika wa nsima yotentha asaombane ndi mwana wothamanga. Njira zonsezi zidzere mbali imodzi ya chipinda, zisadule pakati pa ochezera. Mukakhutira ndi pepala, lembani ndi choko pansi, nimukhale nazo sabata imodzi.

Wa lendi, amene saloledwa kukhudza njerwa, ali nazo zambiri zochita. Chitseko cha khichini angachizule pa mahinjesi ache nachisunga pansi pa kama kufikira tsiku lotuluka. Mipando itatu aisinthe ndi sofa imodzi ndi timipando topepuka tolowa pansi pa tebulo. Tebulo likhale lopinda, lotsamira kuchipupa. Makabati aatali aime mbali imodzi yokha, ndipo pafupi ndi zenera pasakhale chinthu chopitirira m'chiuno, kuti kuwala kufike kumapeto kwa chipinda. Mkeka kapena kalipeti pansi pa mipando auza maso kuti apa ndi pochezera, apo ndi podyera, popanda njerwa ngakhale imodzi. Ndiponso nsaru ndi mikeka zimeza phokoso limene matailosi alibweza.

Kwa mwini fulati amene injiniya ndi khonsolo amlola, ine ndiyamikira njira ya pakati, ndipo mphunzitsi wache ndi amai aja a ku Mochudi. Kampanda ka lolwapa sikafika kudenga, komanso sikasowa. Kali kakafupi kuti wokhala m'kati aone wodutsa nampatsa moni, koma kali ndi msinkhu wokwanira kunena kuti pano ndi pakhomo pa mwini, mlendo aime kaye aodire. Chitani chimodzimodzi ndi chipupa cha khichini. Musachigumule chonse. Bowolani pakati, kuyambira pa msinkhu wa mita imodzi ndi masentimita 10 kufikira pa msinkhu wa pamwamba pa chitseko, m'lifupi mita imodzi ndi theka kapena kuposapo pang'ono, ndipo pamwamba pa bowolo paikidwe mtanda monga injiniya anena. Makabati a pansi a m'khichini, amene msinkhu wao ndi masentimita 90, atsala pamalo pao. Masentimita 20 otsalawo abisa miphika yakuda ndi manja a wogawa ndiwo. Pamwamba pa kachipupako ikanipo thabwa lotambalala, likhale popatsirana mbale, ndiponso pamene mwana alemberapo nchito ya kusukulu amache ali kumuona. Pansi sipaoneka chipsera, pakuti simunafike pa matailosi, ndipo mapaipi ndi masoketi a m'munsi sanakhudzidwe.

Pa bowolo pakhale chotsekera, kaya timatabwa tokankhira m'mbali, kaya katani yochindikala yokhala kutali ndi moto. Masiku wamba chikhala chotsegula. Tsiku lokazinga usipa, kapena apongozi akafika, kapena mlendo akagona pabalaza, chitsekedwa, ndipo nyumba ibwerera monga inaliri. Maganizo otere si achilendo ngakhale ku Ulaya: nyumba imene Gerrit Rietveld anamangira mai Truus Schröder ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, m'chaka cha 1924, inali ndi zipupa zamatabwa zokankha, kuti pansanja pakhale chipinda chimodzi masana ndi zipinda zingapo usiku. Chipupa cha kolido, chija chobisa khomo la bafa, chisiyeni chiriri.

Tsiku la nchito likafika, uzanitu anansi a pamwamba, a pansi ndi a m'mbali, ndipo muyende nao m'zipinda zao kujambula zithunzi za zipupa, kuti mng'alu wakale usadzatchedwe wanu. Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, tsekani madzi, tulutsani botolo la gasi. Mmisiri adule malire a bowolo ndi makina odulira, ndi kuchotsa njerwa imodzi imodzi kuyambira pamwamba, mtanda utakhala kale m'malo mwache. Asamenye ndi nyundo yaikulu, pakuti kugwedeza kuyenda m'nyumba yonse. Pfumbi la njerwa ndi simenti liononga mapapo, tsono odula abvale zotchinga mphuno, ndipo ana akhale kwina tsiku limenelo. Zidutswa zisaunjikidwe pamalo amodzi pa silabu, ndipo zisaponyedwe pa zenera; zitsike m'matumba pa makwerero, ndipo galimoto yozichotsa ikhale itapanganidwa kale.